Chithunzi cha pakompyuta si umboni: zimene mainjiniya athu ayenera kuphunzira pa FEA

Thanki ya malita 5,000 ikadzaza imalemera matani 5, osawerengera kulemera kwa thankiyo payokha. M'madera ambiri a boma la Mangochi matanki otere akukwezedwa pa masitandi achitsulo kuti madzi opopedwa ndi sola azitsikira okha ku mipope. Pansi pake amayi amatunga madzi, ana amasewera pamthunzi. Ndi anthu ochepa amene amafunsa kuti kodi ndani anatsimikiza kuti miyendo inayi ija isenzadi katunduyo, mwera ukuwomba, zaka zitapita, dzimbiri litayamba kudya chitsulo.

Masiku ano yankho limakonda kubwera ngati chithunzi. Injiniya amatsegula laputopu n'kuonetsa sitandiyo itapakidwa mitundu, apa buluu, apo chikasu, pa ngodya pofiirira pang'ono, ndipo a komiti amagwedeza mitu. Chithunzicho chimachokera ku njira yowerengetsera yotchedwa finite element analysis, mwachidule FEA. Achinyamata omaliza maphunziro a uinjiniya amaifunitsitsa, ndipo n'zomveka chifukwa ndi njira yamphamvu. Nkhawa yanga ili pa kaphunzitsidwe kake. Munthu akhoza kudziwa podina paliponse m'pulogalamu, n'kutulutsa chithunzi chooneka bwino, chonsecho yankho ndi lolakwika kotheratu, pulogalamuyo ili chete osamuchenjeza.

Tiyambe ndi momwe zinkachitikira kale. Sitima ya Ilala inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera kuno m'zidutswa, inalumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo inayamba kuyenda pa nyanja mu 1951. Amene anaikonza analibe kompyuta. Anali ndi pensulo, mabuku a manambala, luso la zaka zambiri, ndiponso chizolowezi chowonjezera chitsulo paliponse pamene akukayika. Masamu apamanja otere amagwira bwino ntchito pa zinthu zowongoka: mtanda wogona pa nsanamira ziwiri, paipi yozungulira, chingwe chokokedwa. Vuto limayamba chinthu chikakhala chokhotakhota, chabowo apa, chowotcherera apo, chonenepa mbali ina, chowonda mbali inayo. Pamenepo palibe samu imodzi ya m'buku imene ingachigwire chonse.

Nzeru ya FEA ndi yakuti chinthu chovutacho muchigawe m'tizidutswa tambirimbiri tosavuta, tangodya zitatu, tangodya zinayi, kapena timabokosi. Khalidwe la kachidutswa kamodzi limadziwika. Robert Hooke analemba kale mu 1678 kuti chinthu cholimba chimatamuka molingana ndi mphamvu imene ikuchikoka, bola mphamvuyo isapyole malire ake. Tizidutswato timagwirana pa mfundo monga amachitira maso a chilimila: mukakoka mfundo imodzi, maso oyandikana nayo amasuntha, ndipo kusunthako kumafalikira mpaka ku chingwe cha m'mphepete. Ukonde wa tizidutswa umenewu ndi umene m'pulogalamu umalembedwa kuti mesh. Pa mfundo iliyonse kompyuta imafuna kudziwa chinthu chimodzi, kuti yasuntha motani. Popeza mfundo ya m'kati mwa chitsulo ikhoza kusunthira mbali zitatu, ukonde wa mfundo 100,000 umabala masamu 300,000, ndipo yonse iyenera kuyankhidwa pamodzi chifukwa iliyonse ikudalira inzake. Munthu sangathe, koma laputopu imamaliza musanamwe tiyi. Ikadziwa kusuntha kwa mfundo zonse, imawerengetsa kuti malo aliwonse akukokedwa kapena kufinyidwa ndi mphamvu yochuluka bwanji, chimene mainjiniya amati stress, kenako n'kupaka mitundu ija.

Njirayi si ya dzulo. Richard Courant anagwiritsa ntchito tizidutswa tangodya zitatu mu 1943 powerengetsa kupotoka kwa chitsulo, koma panthawiyo panalibe makina otha kunyamula masamuwo. Inakula chifukwa cha mapiko a ndege: mu 1956 akatswiri anayi, Turner, Clough, Martin ndi Topp, anafalitsa zimene anapeza pa ntchito ya kampani ya Boeing, ndipo Ray Clough wa ku Berkeley ndiye anaipatsa dzina mu 1960. Olgierd Zienkiewicz wa ku Swansea anathandiza kwambiri kuifalitsa pakati pa omanga madamu ndi zina zikuluzikulu. Bungwe la NASA linapangitsa pulogalamu ya NASTRAN chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, John Swanson anayambitsa kampani imene inabala ANSYS mu 1970, Abaqus inabwera mu 1978. Lero FEA ili ngakhale m'kati mwa mapulogalamu ojambulira monga SolidWorks, ndipo omanga nyumba ndi milatho amaipeza mu SAP2000, STAAD.Pro, kapena Prokon ya ku South Africa. Kufalikira kumeneku n'kwabwino, koma kwachititsanso kuti munthu amene sanaphunzire bwino za kulimba kwa zipangizo athe kupeza yankho asanamvetse funso.

Taonani momwe zimachitikira pa sitandi ya thanki. Wophunzira wajambula miyendo inayi ya angle iron (chitsulo chooneka ngati L mukachidula) ya mamilimita 50 mbali zonse, yonenepa mamilimita 5. Wasankha chitsulo wamba pa mndandanda wa zipangizo, wauza pulogalamu kuti mapazi onse anayi ndi omangika, waika matani 5 pamwamba, wadina. Mwendo uliwonse walandira makilogalamu 1,250. Mukadula angle iron yotereyi, malo a chitsulo podulapo ndi pafupifupi masikweya milimita 480, choncho stress ikutuluka pafupifupi megapascal 26 (megapascal ndi muyeso wa stress). Chitsulo wamba chimayamba kugonja pa megapascal pafupifupi 250. Chithunzi chonse chili buluu, ndipo wophunzira akulemba mosangalala kuti sitandi ikhoza kusenza katunduyo pafupifupi kakhumi.

Manambala onsewa ndi oona, koma sitandiyo ikhoza kugwa tsiku loyamba kudzaza thanki. Chitsulo chachitali chowonda sichidikira kuti chiphwanyike, chimapindikira pambali mwadzidzidzi. Leonhard Euler anapeza samu ya kupindika kumeneku mu 1744, ndipo imanena kuti mukawirikiza kawiri kutalika kwa gawo la mwendo lopanda chochirikiza, katundu amene lingasenze amatsika kanayi. Pa angle iron yathuyi, ngati zitsulo zopingasa zaikidwa pa mamita 3 aliwonse, ndipo titenga kuti nsonga za gawolo zikhoza kutembenuka, mwendo umapindika ukasenza pafupifupi tani imodzi. Ife tausenzetsa tani ndi kota. Zopingasazo zikaikidwa pa mita ndi theka, mwendo womwewo umafika pafupifupi matani 4 usanapindike. Pulogalamu ikanatha kuona zimenezi, pakuti ili ndi gawo lapadera loyesa kupindika, koma siilitsegula yokha. Imayankha funso limene mwaifunsa basi. Wophunzira anafunsa ngati chitsulo chiphwanyika, sanafunse ngati chipindika, ndipo chithunzi cha buluu chinamutsekera maso. Samu ya Euler imakwana pa theka la pepala.

Ndiye pali zimene wophunzirayo anauza kompyuta asanapite kukaona. Anati chitsulo n'chonenepa mamilimita 5 chifukwa ndi zimene zinalembedwa pa pulani. Chikapezeka cha mamilimita 4, kaya chifukwa wogula anafuna kusunga ndalama, kaya chifukwa dzimbiri ladya, mphamvu ya mwendo yatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Kachipangizo koyezera kunenepa kwa chitsulo kamalowa m'thumba la malaya, ndipo ndimaona kuti maphunziro a FEA amene sapatsa wophunzira kachipangizoka m'manja asiya phunziro lalikulu. Anatinso mapazi ndi omangika, kutanthauza kuti sangasunthe ngakhale pang'ono. Pa thanthwe la ku mapiri a Namwera mwina zili pafupi ndi zoona. Pa mchenga wa m'mphepete mwa nyanja sizili choncho, makamaka madzi akakwera monga anachitira mu 2024, pamene analowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'gombe la Mangochi. Phazi limodzi likatitimira pang'ono pokha, katundu wake amasamukira ku miyendo ina, ndipo kugawana mofanana kuja kwatha.

Mphepo nayo ili ndi khalidwe lake. Liwiro lake likawirikiza kawiri, mphamvu yokankha imawirikiza kanayi. Thanki yodzaza imalemetsa miyendo, koma yopanda madzi ndiyo yosavuta kugubuduzika, choncho injiniya ayenera kuyesa zonse ziwiri. Tisaiwalenso kuti nyanja yathu ili m'chigwa chimene nthaka yake imagwedezeka. Chivomezi cha ku Salima mu 1989 ndi zivomezi za ku Karonga mu 2009 zinagwetsa nyumba. Matani 5 a madzi akukhavukira uku ndi uku pamwamba pa miyendo yaitali si katundu wongokhala phee ngati amene anaikidwa pa chithunzi chija.

Nkhani ya ukonde weniweniwo ndi imene imasokoneza ophunzira ambiri, ndipo aphunzitsi ayenera kuchedwapo. FEA siipereka yankho lenileni, imapereka loyandikira. Maso a ukonde akakhala aakulu, chinthu chimaoneka cholimba kuposa momwe chilili, ndipo stress ya pa malo ovuta imabisika. Lamulo ndi lakuti muchepetse maso, muwerengetsenso, muchepetsenso, mpaka yankho litasiya kusintha kwambiri. Yankho la ulendo umodzi silikhulupirika. Koma palinso msampha wa mbali inayo. Pa ngodya yam'kati yojambulidwa yakuthwa kotheratu, mukamachepetsa maso stress imangokwerakwera osaima, chifukwa m'masamu ngodya yotero ilibe malire. Wosadziwa amachita mantha ndi kadontho kofiirako n'kunenepetsa chitsulo chonse, kuwononga ndalama pachabe. Wina wosadziwanso amazolowera kunyalanyaza kufiira kulikonse kwa pa ngodya, tsiku lina n'kunyalanyaza kwenikweni. Kusiyanitsa ziwirizi kumafuna munthu amene waona zitsulo zong'aluka ndi maso ake.

Ndipo kuno kwathu zong'aluka sizisowa. Pitani kumene amakonza maboti, muyang'ane pamene pamangiriridwa injini kumbuyo kwa boti, kapena m'mphepete mwa mzere wowotcherera pa boti lachitsulo. Mng'alu umayambira pomwe chowotcherera chathera, ngati kaulusi, n'kumakula pang'onopang'ono. Palibe funde limodzi limene linali lalikulu moti n'kuthyola chitsulocho. Chinatopa ndi kupindidwa n'kubwezedwa kambirimbiri, funde lililonse kamodzi, kunjenjemera kwa injini kosalekeza. Chitsulo chikhoza kung'aluka motere pa stress yotsika kwambiri kuposa megapascal 250 zija. Mapulogalamu ali ndi njira zoyerekezera kutopa kumeneku, koma zimadalira kwambiri mtundu wa chowotcherera ndi ubwino wake, zinthu zimene wowotcherera wa zaka zambiri amazidziwa bwino kuposa mnyamata wangotuluka ku koleji. Kukanakhala kwa ine, gulu lililonse lophunzira FEA likanakhala tsiku lathunthu ku Monkey Bay kapena pa shedi ya owotcherera m'tauni, kumvetsera, kujambula ming'alu, kenako n'kubwerera ku laputopu kukafufuza ngati kompyuta ikanalosera malo omwewo.

Wina angaganize kuti zolakwika zotere zimagwera ophunzira okha. Pa 23 Ogasiti 1991, pafupi ndi mzinda wa Stavanger ku Norway, maziko akonkire a nsanja ya m'nyanja yopopera gasi yotchedwa Sleipner A anamira pamene ankawayesa. Khoma lina lam'kati linang'aluka, madzi analowa mofulumira kuposa momwe mapampu akanawatulutsira, ndipo chimango chonse chinapita pansi. Palibe anafa, koma chuma chimene chinatayika chinali pafupifupi madola 700 miliyoni a ku America. Ofufuza anapeza kuti FEA, yochitidwa pa NASTRAN, inachepetsa ndi 47 peresenti mphamvu imene imakankha mbali imodzi ya khoma kuti itsetsereke pa inzake, chifukwa ukonde sunalukidwe bwino pa malo amene makoma amakumana, ndipo zitsulo za m'konkire pamalopo zinali zosakwanira. Amenewa anali akatswiri a dziko lolemera, pulogalamu yawo inali yodalirika, ndipo pulogalamuyo inawerengetsa molondola ukonde wolakwika umene inapatsidwa.

Pali kakulakwitsa kena kochititsa manyazi koma kofala: miyeso. Mapulogalamu ena, monga Abaqus ndi CalculiX, sadziwa ngati nambala imene mwalemba ndi ya mamita kapena mamilimita. Mukasakaniza, yankho likhoza kuphonya kachikwi kapena kamiliyoni, mitundu ili yokongola chimodzimodzi. N'chifukwa chake chinthu choyamba kuyang'ana si mitundu. Muwonkhetse mphamvu zimene mapazi akubweza, muone ngati zikufanana ndi katundu amene munaika. Muyang'ane momwe chinthucho chapindikira, muone ngati n'zimene mumayembekezera.

Kodi dziko ngati lathu likufunikiradi luso limeneli? Ine ndikuti inde, kwambiri. Ntchito zikuluzikulu monga mlatho wa Bakili Muluzi pa mtsinje wa Shire, umene unamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan, zimabwera ndi akatswiri ake. Koma akatswiriwo amapita, mlatho umatsala, ndipo amene adzaone ngati mng'alu wa pa nsanamira uli woopsa ndi ife eni. Namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023 anaononga misewu ndi milatho yambiri m'chigawo cha kummwera, ndipo funso lakuti chotsalacho chikhoza kukonzedwa kapena chigumulidwe limafuna munthu wotha kuwerengetsa. Kuwonjezera apo pali ntchito zing'onozing'ono zosawerengeka zimene mlendo sadzabwerera: madenga a misika ndi matchalitchi ndi mizikiti, masitandi a mapanelo a sola, ngolo, zigayo, makola a nsomba oyandama pa nyanja. Chitsulo chathu chambiri chimachokera kunja ndipo chimagulidwa ndi ndalama zakunja zosowazi. Injiniya wodziwa pamene chitsulo chikufunika ndi pamene chikungolemera amapulumutsa ndalama ndi miyoyo pa ntchito imodzi.

Chopinga chimene amatchula kawirikawiri ndi mtengo. Malayisensi a mapulogalamu otchuka amalipiridwa m'madola ndipo ndi okwera mtengo kwa kampani yaing'ono. Makampani ena, monga ANSYS, amapereka pulogalamu yaulere ya ophunzira, koma ili ndi malire pa kukula kwa ukonde ndipo siyololedwa pa ntchito ya malonda. Ena amathamangira mapulogalamu obedwa, zimene ndi kuphwanya lamulo komanso kuika siginecha yako pa chinthu chimene sungachiteteze zikavuta. Komabe pali mapulogalamu aulere enieni. CalculiX ilipo, FreeCAD ili ndi gawo la FEA m'kati mwake, ndipo Code_Aster inapangidwa ndi kampani ya magetsi ya ku France, EDF, pa ntchito zake zomwe. Ndi ovutirapo kuphunzira, amafuna kuti ulembe wekha zambiri zimene ena amakuchitira, koma pa maphunziro chimenechi ndi phindu, chifukwa sungadutse usanamvetse. Za kompyuta yamphamvu si nkhani pa ntchito ngati zathuzi. Sitandi ya thanki kapena denga la msika zimayenda pa laputopu wamba, ngakhale pa batire magetsi atathima, makamaka injiniya akadziwa kuti chitsulo chachitali amachiyerekeza ndi tizidutswa ta mzere, osati timabokosi mamiliyoni.

Maziko a zonsezi amaikidwa ku sukulu za ukachenjede monga MUBAS ku Blantyre, imene kale inali Polytechnic, ndi MUST ku Thyolo, m'maphunziro a masamu ndi a kulimba kwa zipangizo amene ophunzira ena amawaona ngati achikale. Maphunziro a masiku ochepa a pulogalamu ndi othandiza kwa munthu amene ali kale ndi mazikowa. Kwa amene alibe, satifiketi yake imangomupatsa kulimba mtima kumene sakuyenera kukhala nako. Ndipo udindo susamukira ku kompyuta. Bungwe la Malawi Engineering Institution limalembetsa anthu, osati mapulogalamu, ndipo chinthu chikagwa amene adzafunsidwe ndi amene anasaina. Khonsolo, mpingo kapena komiti ya madzi ikalandira lipoti lamitundu, ili ndi ufulu wofunsa: munaika katundu wanji, mapazi munawatenga bwanji, munayesa kupindika kodi, masamu apamanja otsimikizira ali pati, wayang'ananso ntchitoyi ndi ndani? Injiniya wabwino sakhumudwa ndi mafunso amenewa, amakhala atawayankha kale m'lipotimo.

Mayeso amene ndingakonde kuona pa mapeto a maphunziro otere safuna labu yodula. Wophunzira ajambule chitsulo cha mita imodzi chotulukira pa khoma, awerengetse pamanja kuti nsonga yake itsika mamilimita angati, awerengetsenso pa FEA, alembe manambala onse awiri n'kupereka kwa mphunzitsi. Kenako apite kwa wowotcherera akachipange, achimangirire ndi mabawuti, ayambe kupachika zigubu za malita 20, chilichonse makilogalamu 20, akuyeza kutsika kwa nsonga pa chigubu chilichonse. Kawirikawiri chitsulo chenicheni chimatsika kuposa momwe kompyuta inanenera, chifukwa mabawuti amalola pang'ono, mbale yachitsulo yomangirira pakhoma imapindika, ndipo chitsulocho mwina sichinali cha muyeso wa pa pulani. Malikisi aperekedwe pa kufotokoza kumene kwachokera kusiyanako, ndi pa kukonza chiyerekezo cha pakompyuta mpaka chigwirizane ndi zimene tepi yayeza.